Ulendo wa Chovala cha Kaunjika

Chovala cha kaunjika chimene chili pamsika wa Mwanza chimakhala chitayenda ulendo wautali. Mabelo ambiri amachokera ku Ulaya, America ndi China. Amabwera pa sitima zapamadzi. Ena amatsikira padoko la Beira, n'kudutsa ku Tete ndi Zobue, kenako amalowa m'dziko muno pachipata cha Mwanza.

Akatswiri a m'mayunivesite akhala akufufuza mmene zovala zimakhudzira chilengedwe, kuyambira kumunda mpaka kudzala. Thonje limamwa madzi kwambiri. Kuti tisheti imodzi ya thonje ipangidwe, pamapita madzi pafupifupi malita 2,700, omwe ndi zigubu 135 za malita 20. Ku fakitale, utoto wonyikira nsalu ukatayidwa mosasamala umaipitsa mitsinje.

Koma zovala zambiri zamasiku ano si za thonje. Ndi za poliyesita ndi nayiloni, zomwe zimapangidwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, monga mmene amapangira pulasitiki. Zikamachapidwa, zimathothoka tiulusi tating'ono kwambiri. Mu 2016, ofufuza a ku yunivesite ya Plymouth ku England anapeza kuti kuchapa kamodzi pa makina kungathe kutulutsa tiulusi toposa 700,000. Timeneti timapita ndi madzi mpaka kulowa m'mimba mwa nsomba.

Mu 2017, bungwe la Ellen MacArthur Foundation linanena kuti pa nsalu 100 zilizonse, yosakwana n'imodzi yomwe ndi imene imabwezedwa kufakitale kukakhala chovala chatsopano. N'chifukwa chake kaunjika ali ndi ubwino wake: chovala chimavalidwa kachiwiri, ndipo wogulitsa amapeza ya sopo ndi fizi. Komabe pansi pa belo pamatsala zong'ambika, ndi majekete olemera amene sayenda malonda m'mwezi wa Okutobala. Zinyalala za eni ake zimathera kuno.

Apa ndi pofunika kusamala. Nsanza ya thonje ikakwiriridwa imaola. Ya nayiloni imakhala m'nthaka zaka zambirimbiri, ndipo khasu limaifukula ili chimodzimodzi. Ena amakolezera mbaula ndi nsanza zoterezi. Khalidwe limeneli ndi loopsa. Nayiloni akamapsa amasungunuka n'kumadontha, ndipo dontho likagwera pakhungu limamatirira. Utsi wake umatsamwitsa, ndipo umapweteka kwambiri ana ndi odwala mphumu. Mwana wovala diresi la nayiloni asamaothe moto pafupi. Kapepala kosokedwa m'khosi kapena m'mbali mwa chovala kamanena nsalu yake, choncho wodziwa kuwerenga sagula mwachimbulimbuli.

Ofufuza amagwirizana kuti chovala chikavalidwa nthawi yaitali, chilengedwe chimapumako. Telala wapakhonde akaika chigamba kapena kusintha zipi, buluku limatha chaka china. Zikafika potheratu, nsanza zimasanduka chikolopa, chopondera pakhomo kapena zoika m'pilo.