Sikirini ya Laputopu Ikasanduka Kalilole: Mafunso ndi Mayankho

N'chifukwa chiyani ndimaona nkhope yanga pa sikirini m'malo mwa zimene ndikulemba?

Chifukwa pamwamba pake m'posalala kwambiri. Galasi wamba limabweza pafupifupi 4 peresenti ya kuwala kumene kwaliwomba molunjika. Zikuoneka zochepa, koma dzuwa la masana limafika pa 100,000 lux, pamene magetsi a mu ofesi amangopereka 300 mpaka 500. Ndiye kagawo kakang'onoko ka kuwala kwa panja n'kokwanira kuphimba zilembo. Sikirini yosanyezimira, imene ogulitsa amati matte, ili ndi timabampu tosaoneka ndi maso timene timamwaza kuwalako, moti zenera silionekamo ngati zenera koma ngati kachifunga.

Nanga opanga amapangiranji masikirini onyezimira?

Amakopa maso m'sitolo. Mitundu imaoneka yowala, chakuda chimadadi bii, ndipo zilembo zimatuluka zakuthwa. Masikirini okhudza ndi chala nawonso kawirikawiri amakhala ndi galasi pamwamba. Mu 2008 Apple inakuta MacBook Pro ndi galasi, anthu ambiri anadandaula, ndipo mu 2009 kampaniyo inayambanso kugulitsa ya mainchesi 15 yosanyezimira kwa wofuna kuwonjezera ndalama. Mu 2024 inabweretsa pa MacBook Pro galasi lochepetsa kunyezimira la nano-texture, nalonso lolipirira padera.

Ndiyambire pati ndisanawononge ndalama?

Zimitsani sikirini, khalani mmene mumakhalira pogwira ntchito, n'kuyang'anamo. Chilichonse chowala chimene mukuonamo, kaya ndi zenera, babu kapena khoma loyera, ndiye gwero la vutolo. Kuwala kumanjanja pa galasi mopendekera mofanana ndi mmene kwafikira, choncho kupendeketsa chivindikiro pang'ono chabe kungachititse kuti kuzikuphonyani m'maso. Ngati ndi babu la kudenga, weramitsirani sikirini kwa inu pang'ono.

Zenera likhale cham'mbali mwanu. Likakhala kumsana, lonse limalowa m'sikirini. Likakhala kutsogolo, chithunzithunzi chimachoka koma maso amatopa msanga, poti akulimbana ndi kuwala kwa panja ndi kwa sikirini nthawi imodzi. Tebulo likakhala losasunthika, katani yopyapyala imathandiza popanda kudetsa chipinda. Ndipo musaseke, malaya oyera nawonso amaonekera m'sikirini, makamaka mukakhala pakhonde.

Kodi kuwonjezera kuwala kwa sikirini sikungathetse zonsezi?

M'nyumba kumathandiza, padzuwa ayi. Malaputopu ambiri otsika mtengo amalekezera pa kuwala kwa ma nit 250 kapena 300, ndipo mukawonjezera kuwalako batire imatha msanga, zimene mudzazimva magetsi akazima. Panja, funani mthunzi ndipo kumbuyo kwanu kukhale chinthu chakuda.

Ndinamva kuti dark mode, ya tsamba lakuda ndi zilembo zowala, imapumitsa maso. Si yabwino?

Usiku mwina, koma masana pa sikirini yonyezimira imakulitsa vuto. Pamene sikirini ili yakuda sipatuluka kuwala kopikisana ndi kwa zenera, ndiye chithunzithunzi chimaoneka bwinobwino. Tsamba loyera lokhala ndi zilembo zakuda limachibisa. Ambiri saganizako zimenezi, chonsecho kusinthako n'kwaulere.

Nanga kapulasitiki kochepetsa kunyezimira komata pa sikirini?

Kamagwira ntchito, koma kali ndi mtengo wake wina. Popeza kamamwaza kuwala kochokera panja, kamamwazanso kochokera m'kati, choncho zilembo zimafwifwa pang'ono ndipo malo oyera amaoneka ngati ali ndi timchenga. Wolemba ndi wowerengetsa ndalama sangadandaule, koma wokonza zithunzi aganize kawiri. Gulani kolingana ndi kukula kwa sikirini yanu, ndipo mateni m'chipinda chopanda fumbi, chifukwa kachitsotso kamodzi kamasiya thovu losachoka. Ine ndimati kagulidwe pokhapokha kusuntha tebulo kwakanika.

Kodi kupukuta kuli ndi gawo?

Kwambiri. Mafuta a m'zala amamwaza kuwala n'kusiya zigamba zotuwa. Zimitsani laputopu, pukutani ndi kansalu kofewa ka mtundu wopukutira magalasi a m'maso, konyowetsedwa pang'ono ndi madzi oyera. Musapopere madzi pa sikirini penipeni, ndipo mankhwala otsukira mawindo akhale kutali, chifukwa amatha kusupula kachikuto kopyapyala kochepetsa kunyezimira kamene masikirini ena amabwera nako.