Physics ya ku sikelo: mafunde a mawu, BP ndi mayi wodwala PCOS

Mu Physics timaphunzira za mafunde ndi pressure, ndipo ambiri mumaziwerengera mayeso a MSCE basi. Lero ndikufuna ndikuonetseni momwe mitu iwiriyi imatetezera mayi woyembekezera yemwe ali ndi vuto lotchedwa PCOS.

PCOS ndi kusokonekera kwa mahomoni a mkazi. Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, adaifotokoza mu 1935, ndipo imagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 aliwonse a msinkhu wobereka. Dzira silikhwima mwezi uliwonse, choncho msambo umadumphadumpha. Ena amamera ndevu kapena kutuluka ziphuphu zambiri. Kumudzi mayi wotere amanenedwa kuti ndi wosabereka kapena adalodzedwa, pomwe ambiri amatha kutenga pathupi, ena atathandizidwa ndi mankhwala.

Akatenga pathupi pamafunika tcheru. Matupi a amayi ambiri a PCOS samvera bwino insulini, homoni yolowetsa shuga m'maselo. Pathupi paliponse pamawonjezera kusamverako, ndiye shuga amatha kukwera, mwana n'kukula mopitirira mpaka kuvuta pobadwa. Amayiwa alinso pa chiopsezo chachikulu cha kupita padera, kubereka masiku asanakwane ndi BP yokwera.

Tiyambe ndi sikani. Khutu lathu limamva mpaka pa 20,000 Hz, koma makina a sikani amatumiza mafunde a ma Hz mamiliyoni angapo. M'mnofu mafundewa amayenda pafupifupi mamita 1,540 pa sekondi, ndipo akagunda chiwalo amabwerera ngati mawu ofuulira kuphiri. Akabwerera patatha masekondi 0.0001, kuya kwake ndi 1,540 × 0.0001 ÷ 2, yomwe ndi masentimita 7.7. Timagawa ndi 2 chifukwa ulendo ndi wopita ndi wobwerera. Kwa mayi wa msambo wodumphadumpha, kuwerenga miyezi kuchokera pa msambo womaliza kumasocheretsa. Sikani yoyambirira ndiyo imaonetsa msinkhu weniweni wa pathupi.

Nanga BP? Namwino akati 140/90, akutanthauza mamilimita a mercury. Tengani formula yanu ija, P = ρgh: 13,600 × 10 × 0.14 ikupatsani pafupifupi 19,000 Pa. BP ikafika 140/90 pathupi patadutsa milungu 20, ndipo mkodzo n'kupezekamo mapuloteni, amati pre-eclampsia. Ikalekereredwa mayi amakomoka n'kumaphupha, ndipo iye ndi mwana akhoza kufa. Kuchipatala amaletsa kuphuphako ndi magnesium sulphate.

Choopsa n'chakuti BP yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi. Imadziwika poyeza basi. N'chifukwa chake mu 2016 bungwe la WHO lidalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi achipatala kosachepera kasanu ndi katatu, ndiponso ajambulidwe milungu 24 isanakwane.

Kuno ku Bwanje, Golomoti ndi Mtakataka, nthawi ya dzinja misewu ya m'midzi imavuta, ndipo ulendo wa ku chipatala cha Mua si wodikira kuti zinthu zithine. Ngati achemwali kapena alamu anu ali oyembekezera n'kumadandaula mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka pansi pa nthiti kapena kutupa nkhope ndi manja, apite kuchipatala tsiku lomwelo, osati mawa. Ngati msambo wawo unkadumphadumpha, akauze anamwino pa ulendo woyamba wa ku sikelo.