Kusamala Khungu pa Nthawi ya Radiotherapy

Lero tikulankhula nanu amayi amene mukulandira chithandizo cha radiotherapy pa khansa ya m'mawere.

Pakatha masabata 2 kapena 3 chiyambireni chithandizochi, khungu la pamalo olandira chithandizo limayamba kuda, kuuma ndi kuyabwa, makamaka kunsi kwa bere ndi m'khwapa. Musachite mantha, ndipo chonde musasiye chithandizo. Sambani ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosanunkhira. Chinkhupule chisafikepo, popukuta muzingogunditsa nsalu yofewa. Valani zathonje zosathina, ndipo pamalopo pasawombedwe ndi dzuwa. Zitsamba kapena mafuta amene adokotala sanavomereze, musapakepo.

Khunguli limatha kuipiraipira kwa masiku 10 mpaka 14 mutamaliza chithandizo, kenako limapola. Koma likasupuka, likamatuluka madzi kapena mafinya, musadikire tsiku lomwe anakupatsani. Pitani kuchipatala msanga, amayi.