Kuphunzitsa Ana Kupeza Cholakwika pa Pulani ya Nyumba

Mawu Oyamba

Mphunzitsi aliyense amene adzatumizidwa ku Chikwawa kapena ku Nsanje adzapeza ana odziwa bwino kuti nyumba imagwa motani. Mu Januwale 2015, chaka chisadapite patali, madzi adasefukira kotero kuti boma lidalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, ndipo dera la Makhanga lidasanduka chilumba. Mu Malichi 2019 kudagwa mvula yokhudzana ndi namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo mu Malichi 2023 kudadza Freddy. Nthawi zonsezi makoma a zidina adagwa, mabuku adavunda, ndipo sukulu zambiri zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi.

Motero phunziro la kujambula pulani ya nyumba si masewera kwa ana a m'chigwa cha Shire. Ife pakoleji timaliphunzitsa pa pepala ndiponso pa kompyuta, pogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Sweet Home 3D, imene adailemba Emmanuel Puybaret wa ku France. Pulogalamuyi ndi yaulere ndipo ikaikidwa pa kompyuta siilira intaneti. Koma mawu amene amamveka kawirikawiri m'chipinda cha makompyuta ndi akuti, "Kompyuta yakana." Nkhani ino yalembedwa kuti ikuthandizeni inu, aphunzitsi a mawa, kuyankha mawu amenewa moyenera.

Cholinga cha Phunziro

Kompyuta imajambula chokhacho chimene yauzidwa. Chithunzi chikatuluka chopotoka, cholakwika chimakhala pa muyeso umene talemba kapena pa ndondomeko imene tatsata. Cholinga chathu ndi chakuti wophunzira azolowere kufufuza cholakwikacho yekha, mwadongosolo, osafafaniza ntchito yonse ndi kuyambanso. Tsono pali lamulo limodzi kwa mphunzitsi: musalande mausi kapena pensulo m'manja mwa wophunzira. Mukamkonzera, chithunzi chidzakongola koma iye adzabwerera kwawo wosaphunzira kanthu. M'malo mwake mufunseni mafunso anayi awa:

1. Unafuna kuti pachitike chiyani?
2. Nanga pachitika chiyani?
3. Chimene wachita potsiriza ndi chiti?
4. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene ungasinthe kuti uone ngati ndi chomwecho chalakwika?

Funso lachinayi ndilo lovuta. Ophunzira amakonda kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ndipo chithunzi chikakhala bwino sadziwa chimene chakonza. Aumirizeni kusintha chimodzi, aone zotsatira, alembe m'kope, kenaka apitirire.

Zofunika ndi izi: tepi yoyezera, chingwe, zikhomo zinayi, mapepala a timabokosi, rula, makatoni akale, ndi kompyuta kumene ilipo.

Makoma

M'mera m'poyamba. Musanajambule khoma ngakhale limodzi, tsekulani gawo la Preferences ndi kuona zinthu ziwiri. Choyamba, muyeso ukhale wa masentimita, pakuti ngati uli wa mainchi, wophunzira amene walemba 300 adzapeza khoma loposa mamita 7. Chachiwiri, kuchindikala kwa khoma kufanane ndi njerwa zathu. Khoma la njerwa yathunthu limachindikala pafupifupi masentimita 23, ndipo la theka la njerwa pafupifupi masentimita 11. Popeza njerwa zoumbidwa m'midzi zimasiyana malinga ndi chikombole, ophunzira ayeze okha khoma la kalasi pa chitseko, pamene kuchindikala kwake kumaonekera.

Vuto lodziwika kwambiri ndi ili. Mu pulogalamuyi, munthu akadina kawiri m'kati mwa makoma anayi ndi chida chopangira zipinda, pansi pa chipinda pamajambulika pokha. Nthawi zina palibe chimene chimachitika. Chifukwa chake n'chakuti makoma awiri sadakumane pa ngodya; patsala kampata kakang'ono kosaoneka ndi maso. Wophunzira akulitse chithunzi, ayendere ngodya zonse zinayi imodzi ndi imodzi, ndipo akapeza kampatako asankhe makoma awiriwo ndi kuwalumikiza ndi lamulo la Join walls.

Apa ndi pamene mphunzitsi wabwino amatulutsa ana panja. Khomani zikhomo za chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali, ndipo yezani chingwe kuchokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya yopingasana nayo. Ngodya zikakhala zolunjika, chingwecho chidzakwana mamita 5. Amisiri omanga amatsata muyeso womwewu wa 3, 4 ndi 5 akamayala maziko. Auzeninso ana kuti ngodya imene njerwa zake sizidalukane ndi imene imayamba kung'ambika madzi akafika. Kampata ka pa kompyuta ndi mng'alu wa pa nyumba yeniyeni ndi phunziro limodzi.

Makabati

Pano tikhalitsepo, chifukwa m'pamene pali masamu okoma. Wophunzira wajambula khoma la masentimita 300 ndipo akufuna kuikapo makabati atatu, iliyonse ya masentimita 100. Kwa iye nkhani yatha: 100 kuchulukitsa katatu ndi 300. Koma pa chithunzi kabati yachitatu yalowa m'khoma. Kodi chalakwika n'chiyani?

Pulogalamuyi imayeza utali wa khoma potsata mzere wa pakati pake. Makoma awiri a m'mbali, lililonse la masentimita 23, amadya theka la kuchindikala kwawo kulowa m'chipinda, ndiye kuti masentimita 11.5 uku ndi 11.5 uko. Malo otsala m'kati ndi masentimita 277. Pa nyumba yeniyeni tikapaka pulasitala wa sentimita imodzi ndi theka mbali zonse ziwiri, patsala 274. Tikaikanso thabwa la m'munsi mwa khoma lochindikala masentimita 2 uku ndi uko, patsala 270. Kalipentala amene wakhoma makabati atatu a masentimita 100 waononga matabwa ndi ndalama za mwini nyumba, pakuti iliyonse siyenera kupitirira masentimita 90. Musawauze ana yankho limeneli. Apatseni tepi ayeze kalasi yawo kunja ndi m'kati, ndipo adzapeza okha kumene masentimita osowawo apita.

Pali zovuta zina ziwiri zazing'ono. Kabati ikaoneka yolenjekeka m'malere, yang'anani muyeso wotchedwa Elevation, umene umasonyeza kutalikirana kwa chinthu ndi pansi. Kawirikawiri wophunzira amakhala kuti waiponya pamwamba pa tebulo ndipo pulogalamu yaikweza. Kabati ikamakula mbali zonse pamene wophunzira akufuna kusintha utali wokha, achotse chizindikiro pa Keep proportions. Potsiriza, wophunzira aone ngati chitseko cha chipinda chingatseguke chonse osagunda kabati. Kompyuta siidzamchenjeza za ichi.

Maonekedwe a Khoma ndi Thabwa la M'munsi

Ophunzira amakonda kujambula khoma la njerwa ndi foni ndi kuika chithunzicho pa makoma a pulani yawo. Njerwa zikatuluka zazing'ono ngati mabokosi a machesi, kapena zazikulu ngati zitseko, ndiye kuti polowetsa chithunzi sadalembe miyeso yoona. Ngati mbali ya khoma imene idajambulidwa ndi ya masentimita 90 m'litali ndi 60 mumsinkhu, manambala omwewo ndiwo alembedwe.

Nthawi zina utoto wa m'kati umatulukira kunja kwa nyumba. Khoma lililonse mu pulogalamuyi lili ndi mbali ya kumanzere ndi ya kumanja, potengera kumene wojambula amalowera polijambula. Khoma likasankhidwa pamaoneka timivi tosonyeza kumeneko. Wophunzira ayerekeze kuti akuyenda pamwamba pa khomalo kutsata timivito, ndipo adzadziwa dzanja limene lili m'kati. Thabwa la m'munsi mwa khoma nalonso limaikidwa pa mbali iliyonse payokha, kotero likasowa m'chipinda, kayang'aneni kunja. Zimenezi zisakutayitseni nthawi yambiri, pakuti ndi zokongoletsa chabe.

Cholakwika Chimene Kompyuta Siichiona

Ophunzira akakonza zonsezi, nyumba yawo imaoneka yokongola ndipo iwo amayesa kuti atsiriza. Apa m'pamene ntchito yanu yeniyeni ikuyambira. Pulogalamuyi siidziwa Shire, siidziwa Ruo, siidziwa Mwanza. Idzajambula mosakana nyumba imene pansi pake palingana ndi bwalo, ya khoma lopyapyala, ya denga lopanda khonde. Choncho pulani iliyonse iyesedwenso ndi mafunso a kwathu kuno.

Loyamba ndi la madzi. Kodi madzi adafika pati pa malo amenewa? Chizindikiro chake chimatsala pa makoma a sukulu, a tchalitchi ndi pa mitengo, ndipo akuluakulu a m'mudzi amakumbukira. Safunsa adadya phula. Ana ayeze chizindikirocho, ndipo pansi pa nyumba yawo pakwezedwe kuposa pamenepo. Maziko ndi mizere yoyamba ya khoma zikhale za miyala, njerwa zootcha kapena mabuloko, zomangidwa ndi simenti, pakuti chidina chikakhala m'madzi chimasungunuka kuyambira pansi ndipo khoma lonse limakhala pansi.

Lachiwiri ndi la dothi. Madera ambiri ozungulira Ngabu ali ndi dothi lakuda la makande, limene limafufuma m'dzinja ndi kung'ambika m'chilimwe. Khoma la maziko osaya pa dothi lotere limang'aluka ngakhale kusadze chigumula. Pamwamba pa maziko payalidwenso pepala lakuda la pulasitiki loletsa chinyontho kukwera m'khoma.

Lachitatu ndi la kutentha ndi mphepo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwa muno kumapitirira madigiri 40. Mazenera akhale moyang'anana kuti mphepo izidutsa, denga litulukire kunja mokwanira kuti lipereke mthunzi ndi kuteteza khoma ku mvula, ndipo mitengo ya denga imangiriridwe ku khoma ndi waya kuti malata asauluke.

Lachinayi ndi la katundu. Muyeso uja wa Elevation, umene unali vuto, tsopano ukhala chida. Afunseni ana kuti mbewu, makope, masatifiketi ndi mabuku a kusikelo ya ana aziikidwa pati. Adzaona okha kuti shelefu yokhomedwa m'mwamba iposa kabati yokhala pansi, imene matabwa ake amafufuma ndi madzi ndipo chiswe chimaifikira msanga.

Tinenetse kuti palibe pulani imene ingapulumutse nyumba yomangidwa m'njira ya mtsinje. Funso la malo omangapo litsogole, ndipo ana adziwe kuti chenjezo la madzi likaperekedwa, banja lisamukire kumtunda ngakhale nyumba ikhale yolimba motani.

Kusukulu Kopanda Kompyuta

Ambiri a inu mudzaphunzitsa kumene kulibe kompyuta ngakhale magetsi. Phunziroli silifa ayi. Pa pepala la timabokosi gwiritsani ntchito sikelo ya 1:50, ndiye kuti masentimita 2 a pa pepala aimire mita imodzi. Chipinda chija chidzakhala cha masentimita 6 ndi 8, ndipo mzere wopingasa udzakwana masentimita 10. Khoma lijambulidwe ndi mizere iwiri, osati umodzi, kuti kuchindikala kwake kuoneke. Makabati adulidwe pa katoni pa sikelo yomweyo ndi kuyesedwa m'chipindamo.

Njira imene timaikonda ndi ya kukonza pulani yokhala ndi zolakwika zisanu zoikidwa dala: ngodya yosakumana, kabati yosakwana, chitseko chogunda kabati, chipinda chopanda zenera, ndi pansi posakwezedwa. Gawani ana m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse lipeze zolakwikazo ndi kufotokoza umboni wake ndi rula. Pambuyo pake umbani timakoma tiwiri ta dothi, kamodzi pansi pa beseni ndi kena pamwamba pa miyala, tiume, ndipo thirani madzi pang'onopang'ono ana akupenya.

Chenjezo limodzi: m'kalasi mwanu mudzakhala ana amene nyumba zawo zidagwa, ndi ena amene adataya abale. Musatchule nyumba ya mwana aliyense monga chitsanzo cha kumanga koipa, pakuti makolo ambiri amamangira zidina chifukwa simenti ndi yodula, osati chifukwa cha umbuli. Mwana wosafuna kulankhula za chigumula asakakamizidwe.

Ntchito Yoti Muchite

1. Yezani chipinda chimodzi cha pakoleji kunja ndi m'kati, ndipo fotokozani kusiyana kwa miyeso iwiriyo.
2. Khoma ndi la masentimita 360 potsata mzere wa pakati, ndipo makoma a m'mbali achindikala masentimita 23. Kodi makabati anayi ofanana angakwane a utali wotani, tisanawerengere pulasitala?
3. Konzani pulani yokhala ndi zolakwika zisanu, musinthane ndi mnzanu, ndipo lembani mafunso amene munamfunsa pomthandiza popanda kumuuza yankho.
4. Lembani ndondomeko ya phunziro la mphindi 35 la Sitandade 7 pa mutu wa muyeso wa kunja ndi wa m'kati.

Mawu Otsiriza

Powerengera malikisi pa phunziroli, musayang'ane kukongola kwa chithunzi. Yang'anani m'kope mmene wophunzira walemba cholakwika chimene adapeza, chimene adasintha, ndi chifukwa chake. Ana ochepa okha ndiwo adzakhala amisiri, koma pafupifupi onse tsiku lina adzamanga nyumba kapena kulipira woimanga. Mwana amene waphunzira kufunsa kumene masentimita 23 apita, ndi kumene madzi adafika, adzadziwa choti afunse mmisiri maziko asanakumbidwe.