Kuphika buledi wa pa mbaula: malangizo kwa woyamba geni

Amene ankaphika zogulitsa mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, amadziwa kuti uvuni wamagetsi suwudalira. Mbaula, poto wokhuthala ndi makala ndiwo zida zenizeni za geniyi, kaya muli ku Ndirande kaya ku Machinjiri. Buledi amene ndikunena pano safuna yisiti. Ku Australia amamutcha damper: abusa a ng'ombe ndi nkhosa ankasakaniza fulawa, mchere ndi madzi n'kukwirira mtandawo m'phulusa lotentha, kapena kuuika mumphika wachitsulo wokhala ndi makala pachivindikiro. Kwathu kuno njirayi si yachilendo. Ndi mmene amayi amaphikira chigumu, chomwe ena amati chikondamoyo, kungoti ufa wake ndi wa tirigu. Zosakaniza zake mwana akhoza kuziloweza. Chimene chimagwetsa oyamba kumene ndi muyezo ndi moto.

1. Muyezo ukhale umodzi tsiku lililonse. Pa theka la kilogalamu ya fulawa thirani masupuni a tiyi anayi a bekini paudala (ufa wofufumitsa wa m'chitini), supuni ya tiyi imodzi ya mchere ndi madzi odzadza botolo lagalasi la Fanta, lomwe ndi mamililita 300. Madziwo musathire onse kamodzi, chifukwa fulawa amamwa mosiyana malinga ndi thumba. Anthu a m'tauni muno amafuna kakomedwe, choncho onjezani masupuni aakulu awiri a shuga ndi awiri a majarini. Sankhani kapu imodzi ndi supuni imodzi zoyezera, zisamapitenso kukamwera tiyi. Kasitomala amakhululukira mtengo ukakwera, koma buledi wa lero akasiyana ndi wa dzulo amasamukira kwa mnzanu osakuuzani.

2. Soda si bekini paudala. Soda amafuna chinthu chowawasa kuti agwire ntchito, monga chambiko. Ngati mwasankha soda, supuni ya tiyi imodzi ikukwana pa theka la kilogalamu, ndipo m'malo mwa madzi thirani chambiko, chochulukirako pang'ono kuposa botolo lija. Mukachulutsa soda buledi amatuluka wachikasu, akumveka ngati sopo pa lilime. Ambiri amachita dala poganiza kuti afufuma kwambiri. Safufuma, amangowawa.

3. Musakande monga mmene amakandira buledi wa yisiti. Sakanizani mpaka ufa wouma usaoneke, bulungani, phwathalitsani kuti mtanda ukhale wokhuthala ngati zala zitatu, chekani mizere iwiri yopingasana ndi mpeni pamwamba, basi. Kukanda kwambiri kumalimbitsa buledi. Ndipo soda akangokumana ndi chambiko ntchito yayambika, ndiye moto ukhale utakonzeka musanathire chamadzi chilichonse mu ufa.

4. Apa ndiye pagona ntchito. Moto wa malawi suphika buledi, umanyeketsa kunja mkati muli mwamuwisi. Dikirani makala ayake onse mpaka achite phulusa loyera pamwamba. Kenako phulani ambiri muwaike pachivindikiro, pansi patsale ochepa: gawo limodzi pansi, magawo awiri pamwamba. Chifukwa chake n'choti pansi mtanda wagunda chitsulo, pomwe pamwamba kutentha kumayamba kwadutsa mumpweya. Woyamba kumene amachita mosemphanitsa, poti anazolowera kuphika nsima.

Ngati poto wanu ndi wopyapyala, monga ambiri a aluminiyamu a mumsika, tengani sefuliya yaikulu, thiranimo mchenga wouma wokwana zala ziwiri, muike chiwaya cha buledi pamwamba pa mchengawo, ndipo muvindikire sefuliyayo. Mchenga umagawa kutentha mofanana. Poyesa ngati kwatentha mokwanira, wazani kaufa pang'ono m'chiwaya. Kakada nthawi yomweyo, moto wachuluka. Kakamafiira pang'onopang'ono, ikani mtanda.

Mphindi makumi awiri zoyamba musavundukule. Ingotembenuzani poto pang'ono mphindi khumi zilizonse, chifukwa mbali yoyang'ana mphepo imatentha kwambiri. Amene amaphikira panja ku Chilomoni kapena ku Bangwe nthawi ya chiperoni, m'miyezi ya Juni ndi Julaye, atchinge mbaula ndi njerwa. Pakatha mphindi 30 mpaka 40 bayani pakati ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kouma, tembenuzani buledi ndi kugogoda pansi pake: wopsa amalira ngati mulibe kanthu mkati. Mukaphula, mukulungeni m'nsalu yoyera kuti khungu lisaume, ndipo musamudule asanazizire.

5. Zinthu ziwiri zokhudza moyo. Musaphikire m'nyumba yotseka, ngakhale kuzizire bwanji m'bandakucha, chifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha. Chachiwiri, chivindikiro chisakhale chidutswa cha lata lopaka penti kapena cha mgolo umene simukudziwa kuti munali chiyani.

6. Werengerani musanatchule mtengo. Tirigu wambiri amene timadya amachokera kunja, ngakhale amagayidwira mom'muno mu Blantyre, ndiye mtengo wa fulawa umatsata kwacha. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankawerengera m'mutu anadya mpamba osazindikira. Lembani m'kope fulawa, shuga, majarini, makala, ndalama ya kabaza yokatengera katundu ku Limbe, ndi zidutswa zimene ana adya pakhomo. Makala ndiwo amaiwalika kawirikawiri. Poti moto mwauyatsa kale, phikani mikate iwiri kapena itatu motsatizana. Fulawa akakwera mukhoza kusakaniza ndi mgaiwa wosefa, koma usapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi, apo ayi buledi azinyenyeka. Ndipo musabise: uzani ogula kuti muli mgaiwa, ena amaukonda.

7. Buledi ameneyu sagonera bwino. Wa m'mawa agulitsidwe lisanalowe dzuwa, choncho yambani ndi wochepa mpaka mudziwe msika wanu. Oda ya tiyirumu kapena okala imaposa kuyendayenda ndi chidebe, koma gwirizanani poyamba kuti wotsala ndi wa ndani. Osatero, mudzalandira zouma madzulo m'malo mwa ndalama. Za ngongole ya anansi aliyense ali ndi mtima wake. Ine ndimati yachiwiri isatuluke yoyamba isanabwere.

8. Ukhondo ndi malamulo. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Matenda otere akabuka, a zaumoyo a khonsolo amayambira pa ogulitsa zakudya. Chidebe chikhale chovindikira, ogula asagwiregwire posankha, ndipo dzanja lolandira ndalama lisakhudze buledi, gwiritsani foloko. Majumbo opyapyala aja ndi oletsedwa, ndiye pezani mapepala oyera okulungira. Mukafika poti mukufuna kuika buledi m'mapaketi a dzina lanu ndi kupereka m'mashopu, pitani kaye ku ofesi ya khonsolo ya mzinda ndi ku Malawi Bureau of Standards mukafunse zofunika musanasindikize zilembo.