KODI IMENE INANYAMUKA NDI ITI?

Tsiku lobwerera kusukulu chigawo chino ndinachita manyazi aakulu pa depoti. Amayi anali ndi ulendo wa njira yomweyo, chotero tinakwera basi imodzi. Tisananyamuke iwo anatsika kukagula nthochi, ine ndi kutsala pazenera kuyang'ana basi ina imene inaima pambali pathu. Mwadzidzidzi ndinaona kuti tayamba kuyenda. Ndinaimirira ndi kukuwa kuti, "Imani, a dalaivala, amayi atsala!" Anthu onse anafa ndi phwete, pakuti dalaivalayo anali asanalowe n'komwe. Basi inayo ndiyo inali kubwerera m'mbuyo potuluka, koma yathu inali chiimire.

Titayamba phunziro la kayendedwe ka zinthu mu Fizikisi, ndinazindikira kuti maso anga sananame ayi. Cholakwa changa chinali kusasankha bwino poyezera. Ndalemba izi kuti anzanga a Fomu 1 ndi Fomu 2 asakataye malikisi pa mayeso monga ndinatayira ulemu wanga pa depoti paja.

Choyamba ndicho malo. Sitingathe kunena pamene chinthu chiri popanda kutchula chinthu china choyambirapo. Munthu akati, "Mjigo uli pa mamita 200," sanatiuze kanthu. Kuchokera pati? Kulowera kuti? Ayenera kunena kuti, "Uli pa mamita 200 kumpoto kwa nyumba yathu yogona." Pamenepo watchula zitatu: poyambira, mtunda, ndi mbali.

Tsono chinthu timati chiri kuyenda pamene malo ake ali kusintha poyerekeza ndi poyambira paja. Poyerekeza ndi basi inayo, ine ndinali kuyendadi. Poyerekeza ndi mtengo wa pa depoti, ndinali chikhalire. Galileo wa ku Italy analemba m'buku lake la mu 1632 kuti munthu wotsekeredwa m'chipinda cha chombo choyenda molunjika, pa liwiro losasintha, sangathe kudziwa ngati chombocho chiri kuyenda kapena ayi, pakuti ngakhale madontho a madzi amagwa molunjika monga kale. Inunso amene muwerenga izi mutakhala pa benchi muyesa kuti muli phee, koma dziko liri kukutengani kuzungulira dzuwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 30 pa sekondi imodzi.

Chachiwiri ndicho mtunda, ndipo apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Tinene kuti belu la chakudya lalira. Mwayenda mamita 30 kulowera kum'mawa, mwakhota pa ngodya ya dimba, ndi kuyendanso mamita 40 kulowera kumpoto kufikira pa khomo la nyumba yodyera. Mtunda umene mapazi anu aponda ndi mamita 70. Koma khwangwala wouluka molunjika kuchokera pamene munayambira adzangouluka mamita 50, monga lamulo la Pythagoras litisonyeza: 900 kuphatikiza 1,600 ndi 2,500, ndiye kuti 50 kuchulukitsa ndi 50. Mzere wolunjikawu, pamodzi ndi mbali imene waloza, mabuku athu amautcha displacement. Wothamanga amene wazungulira bwalo la mamita 400 ndi kufikanso pa mzere woyambira wathamanga mtunda wa mamita 400, thukuta liri kamukamu, koma displacement yake ndi 0.

Chachitatu ndicho liwiro. Timalipeza pogawa mtunda ndi nthawi. Mnyamata wothamanga mamita 100 pa masekondi 20 ali ndi liwiro la mamita 5 pa sekondi. Usain Bolt wa ku Jamaica anathamanga mtunda womwewo pa masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, ndiko kunena mamita oposa 10 pa sekondi. Koma tikatchula liwiro pamodzi ndi mbali imene chinthu chiri kulowera, dzina lake ndi velocity. Njinga ziwiri zingakhale ndi liwiro lofanana, koma ngati ina iri kupita kumpoto ndipo ina kumwera, velocity yawo ndi yosiyana. Ndiponso njinga yokhota pa gulaye yasintha velocity, ngakhale wopalasayo sanawonjeze kapena kuchepetsa liwiro.

Chotero, anzanga, funso la kayendedwe likabwera pa mayeso, musathamangire kugawa manambala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani mwajambula kadontho ka poyambira, lembani muvi wosonyeza mbali, ndipo mudzifunse ngati afuna njira yonse imene mapazi anaponda kapena ya khwangwala ija. Loweruka likudzali tengani chingwe choyezera ndi wotchi, mupite pa bwalo mukayeze liwiro lanu.

Kunena za ine, tsopano ndikakhala m'basi ndimayamba ndayang'ana mtengo ndisanatsegule pakamwa.