Khansa ya m'mawere imadwalitsanso mtima

Mayi akauzidwa kuti ali ndi khansa ya m'mawere, amaopa imfa, amaopanso kuti mwamuna amusiya bere likachotsedwa. Ena amasowa tulo, sadya, amangodzitsekera m'nyumba. Mayi wotere amatha kusiyira mankhwala panjira.

Dziwani izi: khansa si ufiti ndipo si yopatsirana. Idyani naye mbale imodzi. Tsitsi lothothoka chifukwa cha mankhwala limameranso.

Akamutumiza ku chipatala chachikulu ku Tete, Beira kapena Maputo, wachibale amuperekeze, ena atsale akusamala ana ndi munda.

Chisoni chikapitirira masabata 2, uzani anamwino, chifukwa nkhawa nayonso ili ndi chithandizo. Akayamba kunena zodzipha musadikire, pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo.